Sipuleya Yogona Nyumba Ziwiri

Panali munthu wina kumapiri a ku Tsangano, dzina lake Geresomu. Anali ndi mng'ono wake mmodzi, Yotamu, ndipo onse awiri anakulira m'munda wa kachewere wa mayi awo, aNangozo.

Kachewere wa aNangozo musamufanizire ndi timiyala timene mumagula pamsika masiku ano. Mbatata imodzi ankachita kuigubuduza amuna awiri, wachitatu akutchinga ndi mwala kuti isabwerere. Lole ya mavenda ikanyamula mbatata zitatu inkakwera chitunda ikulira ngati ng'ombe yopita kokaphedwa. Wokana akane. Maso angawa, amene amaona nsabwe m'mutu mwa munthu ali tsidya la mtsinje, anaziona.

Koma kumapiriko kuli mdani. Mvula ikakhazikika kumatsika nkhungu, ndipo si nkhungu yamasewera: ukakhomapo msomali ukhoza kupachikapo jekete. M'nkhungu imeneyo ndi mmene mumayenda chiwawu, matenda amene amadetsa masamba a kachewere ngati awauka ndi moto, kenako n'kutsikira pansi kukaoletsa mbatata. Munda ukapsa ndi chiwawu, mwini wake ankadziwa chotsatira. Chaka ndi chaka kunkabwera lole ina yodzatenga anthu kupita nawo ku maesiteti a fodya kumpoto, kukakhala matenanti. Inkatenga amene minda yawo yapsa. Okwera lole imeneyo ankabwerako ochepa.

"Ana anga sadzaikwera," ankatero aNangozo. "Ndinabereka atatu ine, ndipo wachitatuyu ndi amene adzasunge akulu ake pakhomo."

Mwana wachitatuyo anali sipuleya. Inali yamakedzana: thanki yobereka kumsana, mkono wopopera m'mbali mwake, paipi, ndi ndodo yamkuwa yokhala ndi kamlomo kumapeto. Kamlomoko kankatulutsa mankhwala ngati utsi, utsi wosalala moti nyerere inkanyowa mpaka kumimba osadziwa kuti yanyowa. Anyamatawo akadali aang'ono, wina ankatunga madzi, wina ankasungunula ufa wachikasu, mankhwala a chiwawu, kenako ankanyamula limodzi thanki yodzaza n'kuikweza kumsana kwa mayi awo. Atakula ankasinthana okha, uyu kubereka, uyu kutunga. Thanki yodzaza sibereka munthu mmodzi. Pamafunika wokukweza.

Mayiyo sankalankhula zambiri pa ntchito. "Mankhwalawa sachiza, amatchinga," ankatero. "Upopere tsamba likadali lamoyo." Ndipo akaona mwana akungonyowetsa pamwamba, ankamugwira dzanja. "Chiwawu si mlendo wodzera pakhomo. Chimabisala kunsi kwa tsamba. Tembenuza ndodo, kamlomo kayang'ane kumwamba, utsi ulowe kunsiko."

ANangozo anamwalira m'chilimwe. Maliro atatha panafika atsibweni awo a anyamatawo, mlongo wa malemu, kudzagawa katundu. Munthuyu anali wosoka nsapato kutauni. Kachewere ankamudziwira m'mbale basi. Munda anaudula pakati, nalamula kuti abzale mzere wa nsenjere pamalire. Makasu, uyu lake, uyu lake. Mbuzi, chimodzimodzi. Zonse zinayenda bwino mpaka anafika pa sipuleya.

"Wamkulu ndine," anatero Geresomu.

"Amene anadwazika amayi ndine," anayankha Yotamu. "Inu munkangoima pakhomo n'kufunsa kuti agona bwanji, ngati wogulitsa makala."

Anakangana mpaka anthu a ku Mozambiki, tsidya la malire, anayamba kumanga katundu poganiza kuti nkhondo yabwerera. Atsibweni aja anali ndi basi yoti akwere. Anaitembenuza sipuleyayo uku ndi uku, napeza pamene paipi imalowera m'thanki, napotokola. Thanki anapatsa Geresomu. Ndodo ndi paipi yake anapatsa Yotamu.

"Apa palibe wodandaula," anatero akupukuta m'manja. "Mlongo wanga agone mu mtendere."

Napita kukakwera basi.

Geresomu anaika thanki ija pakhonde, naisandutsa mpando. M'mawa pomwepo, masana pomwepo. "Ndodo yopanda thanki n'chiyani?" ankauza aliyense wodutsa. "Ngakhale kutokosera mango siikwana. Abwera yekha ameneyo." Yotamu naye anatsomeka ndodo yake kudenga. Akakumana pamalire a nsenjere ankapatsana moni ndi zibwano.

Musaganize kuti sanayese njira zina. Geresomu anayenda masitolo onse kuyambira pa Lizulu mpaka pa boma, thanki ili kumsana, kufuna ndodo yolowa. Sinapezeke. Wasitolo wina anaiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, zamtundu uwu anasiya kupanga agogo anga asanamere mano." Yatsopano inali yosayandikirika, pakuti maliro anali atasesa m'nyumba zonse ziwiri. Yotamu anayesa kulumikiza ndodo yake ku chigubu ndi pampu ya njinga. Chigubucho chinaphulika, ndipo galu wake anakhala wachikasu mpaka tsiku limene anafa. Kubwereka nako kunakanika. Nyengo ya nkhungu sipuleya iliyonse imakhala pamsana pa mwini wake, komanso anthu ankawayankha moseka: "Kwanu ilipo. Kungoti ikugona nyumba ziwiri."

Mvula inagwa, anabzala. Kachewere anamera bwino mbali zonse ziwiri za nsenjere, natseka mizere, nayamba maluwa. Nthaka sinamve zoti pali mkangano.

Tsiku lina m'mawa Geresomu anatuluka n'kupeza phiri palibe. Nkhungu inali itafika. Anakhala pa thanki yake, manja m'khwapa, ndipo m'nkhungumo munatuluka munthu. Anali Yotamu, ndodo yamkuwa ili paphewa, paipi ikulendewera kumbuyo ngati mchira, m'manja muli paketi ya ufa wachikasu.

Mtima wa Geresomu unadumpha. Anali atamusowa mng'ono wakeyo, ngakhale sakanavomera mutamuika mpeni pakhosi. Koma nkhope anaiumitsa.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Tadzuka. Wasochera ndi nkhunguyi?"

"Sindinasochere. Mwaiona yafika. Tikachedwa, tapsa tonse. Ndodo nayi, tilumikize. Muyambe ndinu, ine ndizitunga madzi. Tikamaliza kwanu tipite kwanga."

Mkazi wa Geresomu, Nasibeko, anali pafupi akutsuka mbale, ndipo sanadikire kuitanidwa. "Alamu, mwachita zaumunthu! Bambo a Eneresi, tadzukanipo pamenepo. Mwafungatira chinthucho chilimwe chonse ngati nkhuku, koma mpaka lero sichinaswe."

Yotamu anaseka. Sanaseke mwachipongwe, anangoseka monga ankasekera ali ana. Koma amayi ena opita kuchitsime anali ataima panjira, nawonso anaseka, ndipo Geresomu anamva ngati phiri lonse likumuseka m'nkhungumo.

"Ndodoyo yabwera kudzacheza, kapena kudzakhala?" anafunsa.

"Yabwera kudzagwira ntchito."

"Pakhomo panga sipagwira ntchito mlendo. Nena pompano, alamu akowa akumva, kuti sipuleya ndi ya Geresomu. Ukatero uzidzabwereka ngati wina aliyense. Sindidzakumana."

Yotamu anayang'ana pansi. "Ndi ya amayi, achimwene."

"Amayi ali kumanda."

"Ndiye ndi ya ana awo." Anasintha phewa, ndodo ikumulemera. "Achimwene, ana anga ndi ang'onoang'ono. Mbewu yonse ndinakwirira, sindinasiyeko ngakhale yokazinga. Mundawu ukapsa, mukudziwa chimene ndikwere."

Geresomu ankadziwa. Anamva miyendo yake ikufuna kudzuka yokha. Anaikaniza. Anadzikhazika bwino pa thankipo, nasanjika mwendo pa unzake.

"Mawu ochepa chabe," anatero. "Akukulemera?"

"Anthu inu munayamwa bere limodzi!" anakuwa Nasibeko.

"Tsuka mbale, mkazi iwe."

Yotamu anaima kanthawi, madzi a nkhungu akudontha m'mphepete mwa chipewa chake. Kenako anatembenuka, ndipo nkhungu inatseka kumbuyo kwake ngati chitseko.

Masana a tsiku lomwelo Geresomu anasungunula mankhwala mu ndowa, natenga tsache la mkazi wake, nalowa m'munda. Ankaviika tsache, n'kuwaza, kuviika, n'kuwaza. Madontho ake anali aakulu ngati misozi ya ng'ombe. Ankagwera pamwamba pa tsamba, n'kutsetsereka, n'kukathera m'nthaka. Mankhwala oti akwane munda wonse anathera pakati, ndipo anagulitsa mbuzi ya cholowa kuti agule ena. Atamaliza, masamba onse anali ndi mawanga achikasu ngati nkhanga, ndipo Geresomu anaima m'mbali mwa njira kuti anthu amufunse.

"Mwaona?" ankatero. "Tsache la mkazi wanga laposa ndodo yamkuwa."

Chiwawu chinayambira kumunsi kwa munda wa Yotamu, kumene nkhungu imachedwa kuchoka. Inu simunachione chikuthamanga. Munthu amawerama kuti achotse minga kuphazi, powerama munda uli wobiriwira, poweramuka uli bii. Yotamu ndi mkazi wake ankathothola masamba odwala ndi manja, kudzaza madengu, kukatentha kutali. Akamabwerako ankapeza odwalawo achuluka kuposa amene achotsa.

Geresomu ankaona zonsezi atabisala kuseri kwa nsenjere. Chakudya chinasiya kumukomera. "Abweranso," ankadziuza. "Ndipo akabwera sindimufunsa kanthu. Ndingodzuka." Anaitsuka thanki ija mkati ndi kunja. Anapaka mafuta ophikira pa mkono wopopera kuti usalire. Anaiika poonekera, pakamwa pa paipi pakuyang'ana kunjira. Chinatsala chimodzi chokha, kuibereka n'kuyenda. Mtunda wake unali woti ukaponya chitsononkho chimakagwera pakhomo pa mnzako, koma kwa Geresomu unali ngati wopita ku Joni wapansi.

Yotamu sanabwerenso.

M'mawa wina Nasibeko analowa m'munda mwawo, nathyola tsamba limodzi lokongola, la mawanga achikasu pamwamba, nabwera nalo kwa mwamuna wake. Anangolitembenuza. Kunsi kwake kunali chuku choyera, chofewa ngati ubweya wa mwana wa mbewa, ndipo m'mphepete mwa tsambalo munali mutayamba kuda.

Geresomu anathamangira m'munda. Anatembenuza tsamba lina, ndi lina, ndi linanso. Kunsi konse tsache silinafikeko. Apa m'pamene anamva mawu a mayi ake bwinobwino, ngati aima kumbuyo kwake atamugwira dzanja. Chiwawu sichinamve zoti atsibweni anagawa munda. Chinadumpha nsenjere zija ngati palibe.

"Pitanitu tsopano," anatero Nasibeko.

"Ndikapite kukatani?" anayankha Geresomu, mawu ali pansipansi. "Mankhwalawa sachiza."

Posakhalitsa minda yonse iwiri inali mapesi akuda. Atakumba, khasu linkalowa m'mbatata ngati mu phala. Fungo lake linaitana ntchentche za m'maboma atatu, ndipo zina zinabwera wapansi chifukwa m'mlengalenga munalibe malo. Geresomu anali ndi kadimba ka kabichi kudambo ndi ng'ombe imodzi ya kwa mkazi wake. Anadziwa kuti avutika, koma safa. Yotamu analibe kalikonse.

Lole ya ku maesiteti inafika pa nthawi yake, monga fisi amafikira pamene pagwa nyama.

Palibe amene anamuuza Geresomu tsiku lake. Anangotsegula chitseko m'mawa wina, chinthu n'kugwera m'nyumba, pamapazi pake. Inali ndodo yamkuwa, imene munthu anaitsamiritsa pachitsekopo. Inali yopukutidwa mpaka kuwala. Paipi inali yokulungidwa bwino, ndipo kamlomo kanali komangidwa m'kansalu kuti kasalowe fumbi. Kansaluko anakazindikira. Kanali ka chitenje cha aNangozo, chimene ankamangira m'chiuno popopera.

Geresomu anathamanga wopanda nsapato. Anathamanga mpaka anapitirira mthunzi wake womwe. Pofika pamsewu anapeza mapazi a matayala m'matope, makoko a nzimbe amene ana ankadya podikira, ndi galu wachikasu atakhala pakati pa msewu, akuyang'ana kumpoto.

Anabwerera pang'onopang'ono, galu uja akumutsatira. Pakhonde anatenga paipi, nailowetsa m'thanki, napotokola. Inalowa bwinobwino, ngati sinachokepo. Anathiramo madzi, naibereka yekha movutikira, nayenda mpaka pamalire. Anapopa kamodzi, kawiri, nakanikiza. Utsi unatuluka wosalala, wokongola, monga masiku a mayi ake, n'kutera pa mapesi akuda.

Sipuleya tsopano inali ya Geresomu, yonse. Panalibenso wotsutsa.

Anaima pamenepo mpaka thanki inauma, ndipo amene anamuona amati akanailozetsa kumaso kwake ikanadzazanso ndi misozi.

Zaka zinadutsa. Geresomu ankafunsa aliyense wobwerako ku maesiteti, koma maesiteti ndi ambiri ngati mchenga. Pomaliza panabwera munthu wina wowonda, wa mudzi woyandikana nawo, amene anakhala pakhonde, navula chipewa asanayambe kulankhula. Yotamu anadwala malungo nyengo yothyola fodya. Anamuika komweko, kumanda a alendo, popanda wachibale woponyapo dothi. Mkazi wake anakwatiwa kwina, ndipo za ana panalibe wodziwa.

Geresomu anazula nsenjere zonse za pamalire. Ankalima munda wonse yekha, ndipo kachewere wake anabwereranso kukula mpaka mavenda ankaopa kumuyandikira. Koma wokweza thanki panalibe. Ankaithira theka, n'kuiika pa chulu, n'kulowa pansi pake chakumbuyo ngati ng'ombe yolowa m'goli. Madzi ankatunga yekha, galu wachikasu ali pambuyo, mpaka galuyo anafa. Ndipo nkhungu ikangoonekera pamwamba pa phiri, ankadutsa mizere yake yonse osaipopera, n'kukayambira kumunsi, mbali ya Yotamu.

Nasibeko anamufunsa tsiku lina, onse atamera imvi. "Bambo a Eneresi, munda ndi umodzi tsopano. Mumayendereranji mtunda wonsewo ndi katundu kumsana?"

"Yotamu anati ndiyambe ndine," anayankha Geresomu akumanga lamba wa thanki. "Ayambe iyeyo."

Tsono inu amene mwakhala apa, ndikukuonani. Wina mumtima akuti, "Nayenso Yotamu, bwanji sanangonena mawuwo?" Mwina. Koma amene anayenda m'nkhungu ndi ndodo paphewa anali Yotamu, ndipo amene anakhalira thanki anali Geresomu. Aliyense wa inu ali ndi thanki yake imene waikhalira, ndipo ndodo yake ikugona nyumba ina, kwa munthu amene mumapatsana naye moni ndi zibwano. Mukudikira kuti abwere kachiwiri. Anthu sabwera kachiwiri. Kupepesana kuli ngati ufa wachikasu uja, kumagwira tsamba likadali lamoyo. Dzukanipo, berekani, yendani, m'bale wanu akadali tsidya la nsenjere, lole isanafike.